Agogo, bwanji andilanda foni kusukulu?

Mdzukulu wanga wa Fomu 3, yemwe amaphunzira pa sukulu yogonera komweko, wandidandaulira kuti a matroni adamulanda foni atamupeza nayo m'bulangeti pakati pa usiku. Iye akufunsa kuti, "Agogo, foniyo ndimawerengerapo manotsi ndipo amayi amanditumizirapo ndalama, nanga ndalakwa chiyani?"

Mwana wanga, sindikukana kuti foni imathandiza, pakuti inenso ndalama ya feteleza ndimalandira pa Airtel Money ndi Mpamba, ndipo sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ana ena ankalandira manotsi pa WhatsApp. Komatu m'chaka chomwecho, mu Novembala, mayeso a MSCE adathetsedwa chifukwa mapepala adabedwa n'kufalikira m'mafoni, ndipo ana osalakwa amene adawerenga usana ndi usiku adayenera kulembanso mu Januwale 2021. Ukamamva kuti a MANEB salola foni m'chipinda cha mayeso, udziwe kuti adapsapo kale.

Chimene chimandisowetsa tulo ine ndi china. Foni imafuna kudyetsedwa mayunitsi tsiku ndi tsiku, pamene ndalama imene mayi ako amakupatsa atagulitsa tomato padzuwa ndi ya sopo ndi makope. Mayunitsi akatha, anzako n'kumacheza iwe uli duu, pamatulukira bambo wina wachifundo wonena kuti, "Tumiza nambala, ndikuthirire." Lero akuthirira mayunitsi, mawa akugulira foni yatsopano, mkuja akukudikira ndi galimoto kuseri kwa mpanda wa sukulu. Zidyamakanda zakale zinkachita kubisalira mwana kuchitsime, anthu akuziona, koma za lero zimalowa mpaka m'bulangeti lako, makolo ndi aphunzitsi osamva ngakhale mgugu. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Anyamata nawo sindikuwasiya, chifukwa ndawaona ena atathera fizi pobetcha mpira pa foni. Ndipo mwana amene maso ake anali pa kuwala kwa foni mpaka tambala woyamba, phunziro la masamu limamupeza akuodzera.

Tsono maganizo anga ndi akuti m'kalasi ndi kogona foni isapezeke m'manja mwa wophunzira. Wa sukulu yoyendera aisiye kunyumba, ndipo wogonera komweko aipereke kwa a matroni teremu ikamayamba, aziitenga pa tsiku limene akuluakulu a sukulu aika, alankhule ndi makolo poyera, n'kuibweza. Aphunzitsi nawo asamangolanda n'kuphwanya katundu amene makolo adagula movutikira, koma aziwaitana makolowo n'kuwapatsa m'manja.

Iwe mawa upite kwa a matroni, ugwade ndi kupepesa popanda kuwiringula, uwapemphe akusungire foniyo mpaka potsekera. Nambala yawo unditumizire, kuti ine ndi mayi ako tizikupezera kumeneko.