Anamugoneka m'chipatala mokakamiza, nanga bilu ikubweranji?

Mayi wina wandilembera imelo kuchokera ku California, ku America. Mchimwene wake anadwala maganizo mpaka kuyamba kuyankhula zodzipha, apolisi anamutengera kuchipatala ndipo anasungidwa masiku atatu pa lamulo la 5150. Tsopano kwabwera bilu. Akufunsa kuti: "Mwiniwake sanafune kugonekedwa, ndiye tilipiranji? Komanso papepalapo sindikuonapo 5150."

Pepani mayi, zoterezi zimasautsa. Koma biluyo ndi yoona. 5150 ndi ndime ya malamulo a California, yochokera mu Lanterman-Petris-Short Act ya 1967. Imalola kusunga munthu mpaka maola 72 ngati matenda a m'maganizo angamuchititse kudzipweteka, kupweteka ena, kapena kulephera kudzipezera chakudya, zovala ndi pogona. Lamulolo limangopereka mphamvu yomusunga munthuyo. Za wolipira, kawirikawiri bilu imapita kwa wodwala ndi inshulansi yake. Ife tinazolowera kuti ku Zomba Mental n'kwa boma, ndiye zimatidabwitsa.

Simukuiona 5150 chifukwa si nambala yolipiritsira. Olemba mabilu amalemba zinthu ziwiri: matenda ndi ntchito imene yagwiridwa. Matenda ali ndi manambala a ICD-10-CM. R45.851 ndi maganizo ofuna kudzipha, oyamba ndi F32 ndi matenda a depression, F31 ndi bipolar, ndipo nthawi zina mupeza Z04.6, kutanthauza kuti munthu anapimidwa maganizo atalamula aboma. Ntchito ya madokotala ili ndi manambala a CPT: 99285 ndi chithandizo chapamwamba ku emergency, 90792 ndi kupimidwa ndi dokotala wa maganizo. Chipatala chimalipiritsa pa fomu ya UB-04, madokotala pa CMS-1500, ambulansi payokha. Choncho musadabwe makalata akamabwera atatuatatu.

Ine ndikanakhala inu, sindikanalipira kakobiri pa bilu yoyambayo. Pemphani itemized bill (bilu yolemba chinthu chilichonse ndi mtengo wake), muiyale patebulo pambali pa pepala la EOB lochokera ku inshulansi (lofotokoza zimene yalipira ndi zimene sinalipire), pensulo m'manja. Yang'anani masiku. Odwala ambiri amagona pa kabedi ka ku emergency usiku wonse kudikira malo kuwodi ya amaganizo, ndiye onetsetsani kuti usiku umenewo sanaulembe ngati anali kale kuwodi. Inshulansi ikakana ponena kuti simunapemphe chilolezo kapena chipatalacho si cha m'gulu lawo, chitani apilo. Lamulo la dziko la America lotchedwa No Surprises Act, lomwe linayamba kugwira ntchito mu January 2022, limaletsa zimenezi pa chithandizo chadzidzidzi, ngakhale kuti ambulansi ya pamsewu siimo m'lamulolo.

Ngati achimwene anu alibe inshulansi, afunsire Medi-Cal (inshulansi ya boma la California ya anthu opeza zochepa) msanga, apemphenso fomu ya financial assistance, yopemphera thandizo pa bilu, kuchipatalako.

Musanaimbe foni, achimwene anu asayine kaye kalata yokulolani kuwayankhulira. Lamulo la HIPAA limateteza zinsinsi za odwala, ndipo popanda kalatayo a ku ofesi ya mabilu akhoza kukubwezani pa funso loyamba lomwe.