Kodi ndigule diner yotsekedwa pa Route 66?

Mmodzi mwa owerenga, yemwe amayendetsa galimoto zonyamula katundu ku America, wandilembera kufunsa ngati n'kwanzeru kugula diner (malo odyera a m'mbali mwa msewu) yotsekedwa imene ikugulitsidwa motchipa m'tauni ina ku New Mexico, pa msewu wakale wa Route 66. Achimwene, funso lanuli landikhudza kwambiri, chifukwa pamene ndinkaphunzira ku Oklahoma ndinkatsuka mbale pa malo otere. Madzulo alionse mwini wake, mayi wachikulire, ankapukuta kauntala yaitali ngakhale kuti panalibe amene wadyerapo, khofi akuzizira, m'nyumba muli zii, kwinaku magalimoto akumveka chapatali pa msewu waukulu.

Mayiwo ankaphika bwino kwambiri, n'chifukwa chake sindivomereza anthu akamanena kuti malo amenewa anagwa kaamba ka ulesi kapena chakudya chosakoma. Route 66, yomwe inakhazikitsidwa mu 1926 kulumikiza Chicago ndi California, inkadutsa pakati penipeni pa matauni, moti dalaivala ankachepetsa liwiro, n'kuona chikwangwani chowala, n'kuima kuti adye. Mu 1956 Pulezidenti Eisenhower anasaina lamulo lomangira misewu ikuluikulu ya Interstate, ndipo misewuyo inalambalala matauniwo. Ku Seligman, m'chigawo cha Arizona, magalimoto analeka kudutsa mu 1978 Interstate 40 itatsegulidwa, ndipo mu 1985 Route 66 inachotsedwa pa mndandanda wa misewu ya boma. Ngakhale Harland Sanders anagulitsa malo ake odyera ku Corbin, Kentucky, pamene Interstate 75 inali kubwera kudzatenga makasitomala ake, n'kulimbikira kufalitsa nkhuku yake ya KFC.

Komabe sindifuna kuti malowa tiziwakumbukira ngati kuti analibe chilema. Ambiri ankakana kupatsa chakudya anthu akuda kufikira lamulo la ufulu wa anthu la 1964, ndipo zimandipweteka kuona alendo akujambula zithunzi popanda wowauza zimenezi.

Yankho langa

Musagule chifukwa chakuti n'zotchipa. Seligman inadzukanso chifukwa wometa tsitsi Angel Delgadillo ndi anzake anayambitsa bungwe loteteza msewuwu mu 1987, alendo n'kuyamba kubwera, koma si tauni iliyonse imene inachita mwayi wotero. Kakhaleni pa khomo la diner imeneyo tsiku lonse m'nyengo yozizira, muwerenge magalimoto odutsa, ndipo mufunse ogulitsawo chimene chinachititsa kuti atseke.