Edale mpaka Crowden, musalipire kaye

Amayi, mwafunsa ngati mulipire dipoziti ya ulendo wa gulu woyenda wapansi m'mapiri a ku England, kuchokera ku Edale mpaka Crowden. Dipoziti imeneyo musatumize mpaka wokonza ulendoyo akuuzeni dzina la munthu amene adzayende kumbuyo kwa gulu. Akati "tidzaonera konko", sungani ndalama zanu. Anthu amenewa amanyansa. Amatolera ndalama pa WhatsApp, amaika zithunzi za phiri la Kinder Scout kuli dzuwa, tsiku likafika iwo ndi anyamata awo liwiro kutsogolo, azimayi ndi achikulire n'kutsala okha.

Chigawo cha Edale mpaka Crowden ndi tsiku loyamba la Pennine Way, njira yaitali ya oyenda wapansi, mamailosi pafupifupi 16, ndipo gulu losazolowera limatha maola 9 kapena kuposa. Ambiri amaopa chitunda cha masitepe amiyala chotchedwa Jacob's Ladder, koma pajapo m'pokwera chabe, mumapuma n'kupitiriza. Povuta ndi mukadutsa msewu wa Snake Pass kulowa m'phiri la Bleaklow, dzuwa litapendeka, miyendo itatopa kale. Kulibe mtengo, kulibe nyumba. Dothi lake ndi lakuda, lofewa ngati phala, lodukaduka ndi ngalande zakuya zofanana zokhazokha. Chifunga chikatsika, mnzanu amene ali mamita 20 patsogolo simumuona, mukakuwa mphepo imatenga mawu. Mukaphonya njira mwendo umatitimira mpaka m'bondo, pouzula nsapato imatsalira momwemo. Woyamba kugwa ndi wovala jinzi, chifukwa jinzi ikanyowa siuma. Amanjenjemera, kenako amapunthwapunthwa, kulankhula zosamveka, zipi ya jekete kumukanika. Akasiya kunjenjemera musati wachira, apo ndiye zaipa. Mukhazikeni pa chikwama osati pansi, musintheni zonyowazo, mufunditseni, mupatseni tiyi wa shuga ngati akutha kumeza. Imbani 999, pemphani police, kenako mountain rescue. Opulumutsawo ndi anthu ongodzipereka, amabwera wapansi atanyamula machira, ndiye mudzadikira ndithu. Nthawi yonseyi wokonza uja ali ku Crowden akuimba foni kufunsa kuti mukuchedwa chiyani!

Aliyense akhale ndi jombo zoti anayenderapo kale, zatsopano zimatulutsa matuza musanafike pa mathithi a Kinder Downfall. Masokosi apadera m'jumbo, jekete ndi thalauza zosalowa madzi, chipewa ndi magolovesi ngakhale mu July, tochi ya pamutu, madzi malita 2, mtedza ndi buledi wokwanira. Mapu apepala a OS Explorer OL1 ndi kampasi, ndipo odziwa kuziwerenga akhale awiri, osati mmodzi. Foni musaidalire, batire limatha msanga kukazizira ndipo netiweki imasowa m'ngalandemo. Komabe musananyamuke tumizani meseji ya mawu oti register ku 999, akakuyankhani muyankhe kuti yes, kuti meseji izikathandiza pamene kuimba kwakanika.

Gulu lisagawikane, zivute zitani. Ngakhale ndatero, siyani galimoto imodzi pa Snake Pass kuti otopa atsikire pamenepo, ndipo mugwirizane kuti mukafikapo 2 koloko itadutsa, nonse mwathera pomwepo.

Kunena zoona, ngati ndi ulendo wanu woyamba, Bleaklow isiyeni. Kwerani Jacob's Ladder, mukafike pamwamba pa phiri, pa Kinder Low, mubwerere ku Edale mukakwere sitima ya ku Manchester Piccadilly kusanade. Mu December kumada 4 koloko isanakwane. Madzulo muzifufuzana nkhupakupa kuseri kwa mawondo ndi m'chiuno.