Thumba limodzi lokha, ndithire liti?

Funso: Zikomo alangizi. Ndimalima ku Tsangano, ku Ntcheu. Chaka chino ndangokwanitsa thumba limodzi la Urea. Kodi ndithire pobzala chimanga?

Yankho: Ayi mayi, Urea ndi feteleza wobereketsa, osati wokulitsa. Dikirani papite masabata atatu chimanga chitamera. Nthaka ikakhala ndi chinyontho, bayani kadzenje pambali pa phando, thiranimo, kenako kwirirani. Ndimamva chisoni ndikaona anthu akungowaza pamwamba dzuwa likuswa mtengo: nayitirojeni (chakudya cha mbewu chomwe chili mu Urea), yemwe ndi 46 peresenti ya fetelezayu, wambiri amathawira mumpweya, ndalama n'kupita padera.

Pobzala dalirani manyowa a m'khola owolerana bwino. Thumbalo musalimwaze munda wonse ayi. Chepetsani chimanga, kotsalako bzalani soya kapena nyemba. Nyemba zakwanuko sizigonera pamsika wa Lizulu.