Funsani Azakhali: Akumwa mapiritsi olera kuti amere mawere, pano mwendo watupa

Zikomo Azakhali. Ine ndine mayi wa ana awiri, ndimagulitsa kachewere ku Lizulu. Nkhani ndi ya wachisanu kubadwa m'mimba mwathu, kaya ndinene kuti mlongo wanga kaya mng'ono wanga, poti anabadwa mwamuna koma chiyambire ali wamng'ono amati iye ndi mkazi. Pano ali ndi zaka 24. Tinapita naye kumapemphero mpaka kwa asing'anga ku Mozambique koma palibe chinasintha. Nde ndatulukira kuti miyezi isanu tsopano akumwa mapiritsi olera, atatu patsiku, akuti amere mawere, ndiye dzana mwendo wakumanzere watupa ukupweteka. Kuchipatala akukana akuti akamuseka kapena kumumangitsa. Nditani? Kodi chithandizo chenicheni cha anthu otere chilipo?
Mayi wodandaula, Ntcheu

Mayi, tiyambe ndi mwendowo chifukwa zinazo zitha kudikira koma umenewo ayi. Mapiritsi olera ambiri ali ndi mankhwala otchedwa ethinyl estradiol, amene amachititsa magazi kuundana m'mitsempha, nde munthu akumwa atatu patsiku, mwina amasutanso fodya, mwendo umodzi nkutupa, chimenecho ndi chizindikiro choopsa. Magazi oundanawo akachoka pamwendo nkukatseka m'mapapo munthu amatha kugwa pompo. Asiye mapiritsiwo lero, musamusisite mwendowo ngakhale ndi mafuta otani, mupite naye kuchipatala cha boma ku Ntcheu lero lomwe, paketi ya mapiritsiyo ili m'manja kuti adokotala aone okha. Akayamba befu kapena kumva kuwawa pachifuwa, musadikirenso kuti kuche.

Za kumangidwazo, mantha ake ndikuwamvetsa. Tonse tikukumbuka Tiwonge Chimbalanga, wobadwa mwamuna koma wodziona ngati mkazi, amene anagamulidwa zaka 14 mu 2010 atachita chinkhoswe ndi mwamuna mpaka Bingu wa Mutharika anachita kumukhululukira, komanso mu June 2024 khoti linakana kuthetsa malamulo oletsa kugonana kwa amuna okhaokha pa mlandu wa Jana Gonani, winanso wobadwa mwamuna koma wodziona ngati mkazi. Koma gawo 153 la Penal Code, limodzi mwa malamulo amenewa, limakamba za kugonana, silikamba za munthu amene wabwera ndi mwendo wotupa. Wachipatala ntchito yake ndi kuchiza ndi kusunga chinsinsi. Oseka sangalephere, ndi chifukwa chake ndikuti mulowe naye limodzi mchipindamo, munthu akakhala ndi chemwali wake pambali anthu amaweruzika pakamwa.

Chithandizo chenicheni chilipo padziko pano. Kuyambira 2022 bungwe la WHO silikuwerengeranso zimenezi m'gulu la matenda a maganizo. Kumene amachita mwadongosolo amayamba ndi kucheza naye nthawi yaitali, kenako kumupima BP, chiwindi ndi impso, ndipamene amamupatsa homoni ya estradiol, yosiyana ndi ya m'mapiritsi olera ija, nthawi zambiri pamodzi ndi spironolactone wochepetsa mphamvu ya homoni yachimuna. Magazi amapimidwa pafupipafupi chifukwa spironolactone amakweza potaziyamu, ikachuluka imasokoneza mtima. Ndipo sizofulumira ayi, mawere amayamba kuoneka pakatha miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, kukula kwake nkwa zaka, kumwa atatu sikufulumizitsa chilichonse. Adziwenso kuti mawere akamera sabwerera, mawu sasintha kukhala achikazi, ndevu sizitheratu, ndipo mphamvu yobereka imatha kuchepa kapena kutheratu. Zimenezi anzake omupatsa mapiritsi aja sanamuuze, ndikutsimikiza.

Kwa opaleshoni ambiri amayang'ana ku Joni, monga ku Groote Schuur ku Cape Town, koma mzere wake ndi wa zaka zambirimbiri ngakhale kwa eni dziko, nde asagulitse munda poganiza kuti akangotsika basi amuchita. Kuno kwathu afunse a CEDEP kapena Nyasa Rainbow Alliance, mabungwe omenyera ufulu wa anthu otere, amulozere dokotala womvetsa, ndipo ngati akumanena zoti bola kufa, a St John of God ku Lilongwe amapereka uphungu, kuchoka ku Lizulu si patali.

Za mlongo kapena mng'ono zija ine sindingakusankhireni. Mukamufunse mwini wake muli mu minibasi yopita kuchipatalako.