Hilux ikamavuta kulira m'mawa, musathamangire kugula ma injector

Bambo wina wa ku Dedza wandilembera pa imelo. Ali ndi Hilux D-4D ya 2008, ya injini ya 2.5, imene amanyamulira kachewere kupita ku Lilongwe. Chiyambire June ikumavuta kulira m'mawa, ikalira imanjenjemera n'kumatulutsa utsi woyera, ndipo pachitunda imatsamwa akaponda mafuta. Makaniko wawauza kuti agule ma injector onse anayi, tizipangizo timene timapopera dizilo m'masilinda a injini.

Bambo, ndalamazo zisungeni kaye. Mwina ma injector athadi, koma zimandiwawa kuona munthu akugulitsa mbewu zake kuti agule chinthu chimene sichinayezedwe n'komwe.

Mawa m'mawa, musanakhudze kiyi, tsegulani boneti. Pamwamba pa fyuluta ya dizilo pali kapampu kodina ndi dzanja. Kadineni mukuwerenga. Kakalimba mutangodina kawiri katatu, ndiye kuti dizilo wagona m'malo mwake. Koma mukadina kakhumi kadakali kofewa, kenako galimoto n'kulira msanga mutatha kupopa, matenda mwawapeza: pali pamene mpweya ukulowera usiku, dizilo n'kumabwerera kuthanki. Kawirikawiri kamakhala kapaipi ka labala kong'aluka pafupi ndi fyuluta, kapena kapampu komweko katatopa. Chosokoneza n'chakuti pansi simuona dontho ngakhale limodzi, chifukwa malowo amayamwa mpweya, sataya mafuta.

Mukadali pomwepo, masulani kotsekera kakunsi kwa fyuluta, mukhetsere m'botolo loonekera mkati. Liimikeni padzuwa mphindi zingapo. Madzi amakhala pansi, dizilo pamwamba. Ngati nthawi imene mafuta ankasowa munathirako wa m'zigubu, musadabwe kuona madzi ndi tinyansi tofiirira. Injini iyi, ya 2KD, ndi ya mtundu wotchedwa common rail, imapanikiza dizilo kupitirira ma bar 1,000 (bar ndi muyezo wa mphamvu yopanikiza), ndipo timabowo ta injector n'tating'ono kwambiri moti kafumbi kochepa kamasokoneza. Fyuluta yotsekeka payokha imatha kutsamwitsa galimoto pachitunda, chifukwa m'pamene injini imafuna mafuta ambiri. Isintheni, ndipo mugule yeniyeni.

Za kunjenjemera ndi utsi woyera, ine ndikukayikira ma heater plug, tizitsulo tamagetsi totenthetsa m'masilinda kuti dizilo apse injini ikadali yozizira. Utsiwo ndi dizilo wosapsa. Nyengo yotentha plug imodzi ikafa simudziwa n'komwe, koma chisanu cha ku Dedza chimaulula: silinda imodzi imatsalira kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, injini ikafunda zonse n'kukhala bwino. Wa zamagetsi ayeze iliyonse payokha ndi mita. Yamoyo imawerenga pafupifupi ohm imodzi, yakufa siwerenga kanthu. Ayezenso batire: lodzaza limaonetsa ma volti 12.6, ndipo likamatsika pansi pa 10 poliza, injini sizungulira mokwanira kuti pampu yaikulu ya dizilo ikweze mphamvu.

Koma dziwani kuti ma heater plug sangatsamwitse galimoto imene yatentha kale. N'kutheka muli ndi mavuto awiri osiyana amene angokumana nthawi imodzi. Fyuluta ikasinthidwa koma kutsamwa osatha, onetsani kavalavu ka papampu yaikulu ya dizilo kotchedwa SCV, kamene kamayeza dizilo wolowa. Kakayamba kumatirira, galimoto imadukiza, mwinanso kuzima pamphambano. Ndinagwirapo Hilux ina imene mwini wake anali atagula kale ma injector awiri, vuto osasuntha. Titasintha kavalavuka, n'kupala mwaye wa mu EGR (valavu yobwezera utsi wina mu injini) umene unali utaundana ngati phula, tinakwera nayo chitunda osaimvanso kutsamwa.

Zonsezi zikakhala bwino, apo tsopano tikambe za ma injector. Makaniko aike galimoto pakompyuta injini isanatenthe, aone mmene iliyonse ikuthirira, kapena awachotse akayezedwe pamakina. Mwina yofooka ndi imodzi yokha. Powabwezera aike mawashala amkuwa atsopano, chifukwa akale akamadontha mwaye umalowa mu oyilo n'kukatseka sefa ya pampu ya oyilo, ndipo apo injini yonse imapita.

Zinthu ziwiri ndikupempheni ndi mtima wonse. Wina asamasule mapaipi a injector injini ikulira monga tinkachitira pa Hilux zakale za 3L, dizilo wa mphamvu imeneyi amaboola khungu. Ndipo musalole anyamata kununkhizitsa injini petulo kuti ilire.

Mukapopa mawa, mundilembere kuti mwadina kangati, komanso zimene mwaona m'botolo.