Tsoka likagwa dziko, Mkhristu ayambire pati? Yankho kwa mayi wa ku Bangwe

Mayi wina wa ku Bangwe wanditumizira imelo, ndipo ndaifupikitsa motere: "Pagulu la WhatsApp la mlaga wathu mtendere unatha ndege ija itagwa ku Chikangawa. Ena ankaloza chala boma, ena n'kumati amenewo akuchita ndale pamaliro. Mkulu wa mpingo anatseka nkhani ponena kuti chinali chifuniro cha Mulungu. Mpaka lero amayi awiri a Mvano sapatsana moni. Kodi Mkhristu atani zoterezi zikachitika, poti aliyense ali ndi chipani chake?"

Amayi, zikomo polemba. Sindikuuzani kuti mbali iyi ndiyo inalondola, chifukwa ndikuona kuti onse analumpha ntchito yoyamba, yomwe ndi kulira.

Ife Amalawi maliro timawadziwa. Uthenga ukamveka, amayi amatenga chitenje n'kukalowa m'siwa, abambo amakhala panja pamoto, ena amatema nkhuni, ena amayenda ndi mbale ya chipepeso. Palibe amafunsa adzukulu kuti munavotera yani asanayambe kukumba manda. Maliro n'kulirana. Chomwe chasintha n'chakuti masiku ano uthenga umatipeza pafoni, ndipo chala chimathamanga kuposa mtima. Pa 10 Juni 2024 anthu 9 anafera m'ndege ija, mmodzi wa iwo a Saulos Chilima, wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Koma ndi angati pagulu lanulo amene angatchule mayina a asilikali amene ankayendetsa ndegeyo? Nawonso anasiya abale awo akulira. Zithunzi za mitembo zinayenda m'mafoni, ndipo ena amene ankazitumiza ndi anthu oimba kwaya Lamulungu. Zimenezo ndiye ayi, kaya uli mbali iti.

Anzake a Yobu anakhala naye pansi masiku 7 osatulutsa mawu. Analakwa atayamba kufotokoza chifukwa chimene tsokalo linamugwera.

Tsono pa mawu a mkulu wa mpingo aja ndikhalapo pang'ono, chifukwa ndi amene andivuta kwambiri. Mwina ankafuna kuzimitsa moto, ndipo ndikumumvetsa. Koma dzina la Mulungu si chivindikiro chophimbira mafunso. Taonani za namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche usiku n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, anthu ankafukula abale awo ndi makasu ndi manja, malo osungira mitembo ku chipatala cha Gulupu anadzaza, ndipo amene anapulumuka anakagona m'makalasi. Mvula sinagwetsedwe ndi chipani, n'zoona. Nanga mitengo ya m'phirimo inapita kuti? Makala ake anaphikira ndani? Anthu anakamanga bwanji m'mphepete mwa phiri, ngati si chifukwa chosowa malo ndi kukwera kwa lendi m'tauni muno? Mafunso amenewa akukhudza maboma onse amene akhalapo, khonsolo, mafumu, ndi ifeyo amene mbaula zathu sizizima. Kuwakwirira ndi mawu auzimu n'kusiya anthu ena pamalo omwewo kudikira mvula yotsatira.

Ndipo mpingo wa m'dziko lino suli mlendo pa kufunsa. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, ikunena poyera za kupanda chilungamo nthawi imene kutsegula pakamwa kunali kuika moyo pachiswe. Mipingo ina ndi Asilamu anagwirizana nawo, bungwe la PAC, lobweretsa pamodzi atsogoleri a zipembedzo, linabadwa chaka chomwecho, ndipo mu 1993 tinaponya voti ya riferendamu. Akanati zonse ndi chifuniro cha Mulungu basi, si bwenzi inu ndi ine tikukangana momasuka pa WhatsApp.

Choncho funsani. Koma kufunsa ndi kuweruza n'zosiyana. "Tikufuna tidziwe chinachitika n'chiyani" ndi mawu a Mkhristu. "Uje ndiye anapha," ulibe umboni koma voisi noti ya munthu wosadziwika, ndi umboni wonama, ndipo lamulo la Mulungu loletsa umboni wonama silinena kuti limasiya kugwira ntchito ngati wonamiziridwayo ndi wandale amene umadana naye. Komiti yofufuza ngozi ya Chikangawa inatulutsa lipoti lake mu Disembala 2024, ndipo ambiri sanakhutire nalo. Kusakhutira n'kololedwa. Uliwerenge kaye, unene pamene pakuperewera.

Muyeso umene ndimagwiritsa ntchito ndi uwu: funso limeneli ndikanalifunsa chikanakhala chipani changa ndicho chili m'boma? Pa 20 Julayi 2011 anthu anaphedwa pa zionetsero m'mizinda yathu. Ena amene anakuwa nthawi imeneyo anadzakhala chete mu 2024, ndipo ena amene anali chete mu 2011 ndiwo anadzakuwa kwambiri. Misozi yotuluka poona mtundu wa nsalu imandikayikitsa.

Pa Luka 13 anthu anamubweretsera Yesu nkhani yotentha, ya Agalileya amene Pilato anawapha akupereka nsembe. Iye anawonjezapo ya anthu 18 amene nsanja inawagwera ku Siloamu, n'kunena kuti amenewo sanali ochimwa kuposa ena, kenako anauza omufunsawo kuti alape iwowo. Alaliki amene amafulumira kunena kuti madzi osefukira ndi chilango cha Mulungu pa dera lakutilakuti awerengenso ndime imeneyi.

Za amayi awiriwo, musayese kuwayanjanitsa pagulupo, poti pamaso pa anthu aliyense amateteza ulemu wake. Tengani mayi mmodzi wachikulire amene onse amamulemekeza, mukawayendere kunyumba, aliyense payekha, ndipo mukamvetsere kwambiri kuposa kulankhula. Mwina mukapeza kuti wina analira munthu amene ankamuona ngati chiyembekezo cha ana ake, pomwe mnzakeyo anamva ngati akutchedwa wakupha chifukwa cha kumene anavotera. Mkulu wa mpingoyonso mumuonere pambali mwaulemu. Mumupemphe kuti tsiku lina zikadzachitika, adzayambe waitanitsa pemphero ndi chopereka cha anamfedwa, zokambirana zidzabwere pambuyo pake, pamaso m'pamaso, mlaga utakhala pansi.